Kugula Osaona, Kudandaula Osanama

M'mizinda mwathu mwafika kagulidwe kamene agogo athu sakadakamvetsa. Munthu ali khale m'nyumba atenga foni, nasankha nkhuku, mkaka, tomato ndi buledi pa zithunzi, nalipira ndi ndalama zimene sanazigwire m'manja, ndipo pakapita kanthawi mnyamata wa njinga yamoto waima pa chipata ndi katundu. Ku South Africa kagulidwe aka kadakula msanga kuyambira m'chaka cha 2019, pamene masitolo a Checkers adayamba kulonjeza kuti katundu adzafika pakhomo mphindi 60 zisanathe. Ndipo mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba m'chaka cha 2020, masitolo enanso aakulu adatsatira. Kwathu kuno sizinafike pamenepo, komabe ku Lilongwe ndi ku Blantyre si zachilendonso kutumiza mndandanda wa zogula pa WhatsApp ndi kudikira wakabaza.

Tsono tsiku lina thumba lija likamasulidwa, m'nyumba monse mudzaza fungo. Nkhuku yabiriwira m'mapiko, mkaka wasasa, tomato wapansi waphwanyika ndipo wayamba chuku. Apa ndi pamene banja limagawikana. Wina ati: tiimbe foni tsopano lino, atibwezere ndalama zathu. Wina ati: ayi, zisiyeni, tisadzitsitse chifukwa cha nkhuku imodzi, kodi anthu atiyesa otani? Funso limene tifuna kulisinkhasinkha mwezi uno lagona pakati pa mau awiriwa. Kodi munthu woleredwa bwino ayenera kudandaula pa chakudya chowola chimene am'bweretsera? Ndipo ngati ayenera, adandaule kwa yani, nanga alekezere pati?

Manyazi a wachiwiri uja tisawaseke, pakuti ali ndi muzu wabwino. Tidaleredwa kuti chakudya sachinena. Mwana wokwinya nkhope pa mbale ya ndiwo amadzudzulidwa, ndipo mlendo wonyoza nsima ya mwini nyumba saitanidwanso. Nzoyenera kutero, popeza chakudya cha pa mphasa ndi mphatso, ndipo mphatso siikidwa pa sikelo. Vuto limadza pamene ulemu wa pa mphasa unyamulidwa kupita nawo ku sitolo, kumene palibe chimene tapatsidwa mwaulere. Malonda ndi pangano la anthu awiri: uyu apereka ndalama zenizeni, uyo apereka chakudya chenicheni. Ndalama zikapita zamphumphu koma chakudya nkubwera chowola, panganolo lakwaniritsidwa mbali imodzi yokha, ndipo kukhala chete sikulikonza.

Chinenero chathu chimasiyanitsa bwino kudandaula ndi kunyinyirika. Wonyinyirika amayankhulira kumbali, kwa mkazi wake, kwa anansi, kwa anzake a m'basi, kwa aliyense amene alibe mphamvu yokonza kanthu. Mkwiyo wake suchoka, umangosamukira m'nyumba za ena. Wodandaula amapita kwa mwini nkhani, natchula chimene chalakwika, napempha chimene chili chake. Chodabwitsa nchakuti ambiri amene amaopa kudandaula poganiza kuti nkusowa khalidwe, ndiwo amene amanyinyirika sabata yathunthu osachita nazo manyazi.

Kuti timvetse chimene chasintha ndi kagulidwe katsopanoka, tikumbukire m'mene mayi amagulira pa msika wa Limbe kapena pa Lizulu. Sagula ndi ndalama zokha. Amagula ndi maso, mphuno ndi zala. Ayang'ana maso a chambo ngati ali owala kapena achita mtambo. Afinya tomato pang'ono. Atembenuza mulu kuti aone wapansi, chifukwa adziwa kuti wokongola amaikidwa pamwamba. Aluma njere ya mtedza. Akakhutira ndi pamene amasula mfundo ya chitenje. Akagula chinthu choipa atachita zonsezi, amadziwa kuti maso ake omwe ali ndi gawo pa mlanduwo, ndipo nchifukwa chake sabwereranso kukakangana.

Nkhani ya maso imeneyi adaiganizira kale Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274. M'buku lake lalikulu la Summa Theologiae ali ndi funso lathunthu lokhudza chinyengo pa kugula ndi kugulitsa. Iye adaona kuti chinthu chogulitsidwa chingathe kulakwika m'njira zitatu: chingakhale china osati chimene chatchulidwa, chingaperewere pa muyeso, kapena chingakhale ndi chilema. Kenaka adafunsa ngati wogulitsa ali wokakamizidwa kuulula chilema cha malonda ake, ndipo poyankha adasiyanitsa chilema chobisika ndi chilema choonekera. Chobisika, ngati chingadzetse ngozi kapena kutayitsa wogula ndalama, chiyenera kuululidwa. Ndipo pakati pa zitsanzo zake adatchula chakudya chowola chogulitsidwa ngati chabwino. Koma chilema choonekera, monga kavalo wa diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza malinga watsitsa mtengo moyenera, popeza wogula ali ndi maso ake ndipo kavaloyo waima pamaso pake.

Apa ndi pamene tipempha awerengi athu aime pang'ono. Pa malonda obweretsa pakhomo palibenso kavalo wa diso limodzi. Wogula saona kavalo. Amaona chithunzi cha kavalo, ndipo pa chithunzipo maso onse awiri alipo. Motero chilema chilichonse, ngakhale chimene mwana wa sitandade 2 akadachiona pa shelefu, chasanduka chobisika. Ntchito ija ya kufinya, kununkhiza ndi kutembenuza mulu siinathe ayi. Yangochoka m'manja mwa mayi nkupita m'manja mwa wantchito wa sitolo amene akudzaza thumba. Sitolo ikavomera kutisankhira, yabwereka maso athu, ndipo wobwereka chinthu ayenera kuchigwiritsa ntchito monga mwini wake akadachitira. Choncho udindo wa sitolo yobweretsa katundu pakhomo ngwaukulu kuposa wa mayi wogulitsa usipa pa msika. Ngati sitolo iona kagulidwe aka ngati mpata wotulutsira zimene wogula wamaso akadazikana, yachita chinyengo, ngakhale lisiti lake likhale lolondola mpaka tambala yomaliza.

Komatu si nkhuku yowola iliyonse imene ili umboni wa chinyengo. Nyama, nsomba ndi mkaka zimafuna kuzizira kosalekeza kuchokera ku fakitale mpaka m'khitchini. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti zakudya zotere zisungidwe pa kuzizira kosapitirira madigiri 5, chifukwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 majeremusi amaswana msanga, ena nkumachuluka kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Tsono taganizani za thumba lomangiriridwa pa njinga yamoto masana a Okutobala, woyendetsa ali ndi makomo ena atatu oti afikeko, msewu wadzaza, ndipo nyumba yathu ilibe nambala. Palibe amene wafuna zoipa, koma nkhuku yafika itaonongeka. Aquinas adaiganiziranso mbali imeneyi: wogulitsa amene sadadziwe chilema sanachimwe, komabe akangodziwa ayenera kubweza chimene wogula wataya. Mfundo iyi imapeputsa mtima. Kudandaula sikutanthauza kuti tikumutcha munthu wakuba. Tikungomudziwitsa za ngongole imene sadali kuidziwa, ndipo sangaibweze ngati sitinena.

Wina angati: ndalama nzanga, ndikafuna kuzitaya ndi nkhani yanga. Zikadakhala choncho ngati nkhuku yathu idali yokha m'firiji ya sitolo. Koma akulu adati nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Firiji yakufa siononga thumba la banja limodzi, ndipo bokosi lobowoka la woyendetsa njinga lidzanyamulanso mkaka wa khanda la mnansi mawa. M'chaka cha 2015 bungwe la WHO lidawerengera kuti anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Ife tili ndi mphuno yakuthwa ndi m'mimba molimba, tidzataya nkhukuyo nkugula ina. Nkhalamba yosaona bwino, kapena mayi amene watha ndalama zake zonse pa thumba limodzilo, adzaitsuka ndi mandimu, naiphika.

Tikumbukirenso zimene zidachitika ku South Africa m'zaka za 2017 ndi 2018, pamene matenda a listeriosis adagwira anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, ambiri mwa iwo makanda. Kwa miyezi yambiri gwero lake silidadziwike. Njira idatseguka pamene ana a pa sukulu ina yamkaka ku Soweto adadwala pamodzi mu Januwale 2018, nkhani nkufika kwa azaumoyo, iwo nkukayesa poloni amene anawo adadya. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo, Aaron Motsoaledi, idalengeza kuti gwero lake lidali fakitale ina ya ku Polokwane, ndipo maiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, adaletsa nyama zoterozo kulowa. Poloniyo sadali kununkha, ndipo majeremusi a mtundu umenewu amaswana ngakhale m'firiji, mphuno sikadathandiza. Chimene chidathandiza nchakuti zimene zidaoneka pa khomo limodzi zidafika m'makutu a amene akadatha kuchitapo kanthu.

Pali mlandu wina wakale umene ufanana kwambiri ndi thumba lathu lomata. Pa 26 Ogasiti 1928, m'tauni ya Paisley ku Scotland, mayi wina wosauka dzina lake May Donoghue adagulidwa chakumwa cha jinja ndi mnzake. Botolo lidali lakuda, losaonetsa zamkati. Atamwako, chotsala chija chitathiridwa m'tambula, iye adati mudatuluka nkhono yowola, ndipo pambuyo pake adadwala. Popeza sadagule yekha, lamulo la nthawiyo lidaoneka ngati lamutsekera khomo: wopanda pangano alibe dandaulo. Iye sadagonje. Adasumira David Stevenson, mwini fakitale, ndipo mlandu udakwera mpaka ku House of Lords ku London, kumene pa 26 Meyi 1932 oweruza atatu mwa asanu adagamula kuti wopanga chakudya ali ndi udindo kwa aliyense amene adzachidya, makamaka pamene palibe mpata woti chiyesedwe chisanafike pakamwa. Woweruza Lord Atkin adamanga chigamulo chake pa funso lija la katswiri wa malamulo m'fanizo la Msamariya wachifundo, lofuna kudziwa kuti mnansi wa munthu ndani. Tingonena pambali kuti khoti silidafike poyesa ngati nkhonoyo idalimodi m'botolo, chifukwa Stevenson adamwalira ndipo nkhani idathera kunja kwa bwalo. Koma mfundo idatsala, ndipo makhoti a maiko ambiri, ngakhale a kuno kwathu, amaitchulabe.

Mlandu umenewu umatikhudza pa chifukwa chinanso. Masiku ano wolipira ndi wakudya kawirikawiri sakhala munthu mmodzi. Mwana ali ku Johannesburg kapena ku Leeds atumiza ndalama kuti mayi ake alandire zogula pakhomo. Thumba lifika ndi ufa wofumbwa ndi nyama yonunkha. Mayi aona kuti ndi mphatso ya mwana, ndipo mphatso sainena. Pa foni angoti, zafika mwanangu, Mulungu akudalitse. Mwana sadziwa kanthu, mwezi wamawa agulanso komweko. Chikondi cha anthu awiri chasanduka chophimba cha wogulitsa wosasamala. Amayi ndi abambo athu, kuuza mwana kuti nyama idafika yoipa si kunyoza mphatso yake. Nkuteteza thukuta lake.

Tsopano titembenuze mulu tione wapansi, pakuti nkhaniyi ili ndi mbali imene ogula sakonda kuimva. Tanena kuti pogula ife tidalibe maso. Podandaula, amene alibe maso ndi sitolo. Mtsikana woyankha foni sangathe kununkhiza nkhuku yathu. Ali ndi mau athu okha, mwina ndi chithunzi, ndipo chithunzi sichinena kuti nkhukuyo idawolera kuti. Masitolo ambiri amangobweza ndalama osafunsa zambiri, chifukwa kutumiza munthu kukaona thumba nkokwera mtengo kuposa nkhukuyo. Apa ndi pamene munthu amadziwika chimene ali. Mazira osweka adali atatu, pa foni asanduka thireyi yonse. Mkaka umodzi udasasa, tinena kuti yonse. Nyama tidaidya theka, kenaka tikumbuka kuti idali ndi kafungo. Kapena katundu adafika bwinobwino, koma adakhala pa khonde maola atatu ife tili ku ukwati, kapena magetsi adazima usiku wonse firiji nkutentha; m'mawa tiimba foni ndi mau a munthu wolakwiridwa.

Pa zoterezi sitipeza mau ena ofewa: nkuba. Aquinas yemweyo adati lamulo lomanga wogulitsa limanganso wogula. Amene agula golide kwa munthu woganiza kuti ndi mkuwa, namulipira mtengo wa mkuwa, ayenera kubweza. Ndipo tisadzinyenge ndi mau akuti sitolo nyolemera, siimva kupweteka. Dandaulo lililonse limalembedwa pa dzina la wina. Pali wantchito amene adadzaza thumba lija, pali woyendetsa amene adalinyamula, ndipo manijala akafuna wolakwa sayamba kufunafuna m'chipinda cha akuluakulu. Bodza lathu la mazira limagwera pa munthu wa malipiro ochepa kuposa onse. Limagweranso pa wodandaula woona wamawa, amene adzafunsidwa mafunso khumi chifukwa sitolo yatopa nkunamizidwa. Kagulidwe konseka kaima pa anthu awiri osaonana amene akhulupirirana: ife tikhulupirira maso awo, iwo akhulupirira mau athu. Tikafuna kuti asatitumizire chimene iwo sakadagula, nafenso tisawauze chimene sichidachitike.

Nanga mnyamata wa pa chipata? Dandaulo la wogula lakale kwambiri limene anthu amalidziwa lidalembedwa pa phale la dongo cha m'ma 1750 Khristu asanabadwe, mumzinda wa Ur, ndipo likusungidwa ku British Museum. Munthu wina dzina lake Nanni adalembera wamalonda Ea-nasir kuti mkuwa umene adamusonyeza udali woipa. Koma chimene chidamuwawa koposa nchakuti mthenga wake adanyozedwa nabwezedwa chimanjamanja kudzera m'dziko loopsa. Patapita zaka pafupifupi 3,800 zinthu zangotembenuka: kale wogulitsa adanyoza mthenga wa wogula, lero wogula anyoza mthenga wa wogulitsa. Woyendetsa njinga ndiye nkhope yokhayo imene timaiona, motero mkwiyo wonse umathera pa iye. Koma kawirikawiri iye sadasankhe nkhukuyo, sadaone zamkati mwa thumba, ndipo alibe mphamvu yobweza tambala. Ku South Africa ambiri mwa anyamata amenewa ngochokera m'maiko ena a mu Africa muno, ndipo amalipidwa molingana ndi maulendo amene ayenda. Mphindi zimene timuimika pa chipata nkumulalatira nzochotsedwa pa chakudya cha ana ake. Ngati foni itipempha kumupatsa nyenyezi, tisamulange chifukwa cha firiji ya sitolo. Ngati adachedwa mwadala kapena adaponya katundu pansi, tinene zimenezo, pakuti nazonso nzoona. Koma mlandu uliwonse upite kwa mwini wake.

Za kachitidwe kake sitichulutsa mau. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo atsekule msanga: thumba limasulidwe pomwepo, cholakwika chijambulidwe, lisiti lisungidwe, foni iimbidwe tsiku lomwelo, chifukwa pa chakudya chosachedwa kuonongeka dandaulo la mkuja silisiyana ndi bodza m'makutu a womvera. Titchule chinthu, nthawi imene chidafika, ndi chimene tifuna, kaya ndi ndalama kaya ndi katundu wina. Tiyambe ndi sitolo yeniyeniyo, mwakachetechete. Ikakana kumva, njira zilipo: dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula, ndiponso Malawi Bureau of Standards, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, imayang'anira ubwino wa zinthu zogulitsidwa. Kupita kumeneko si nkhanza ayi, makamaka pamene tiona kuti cholakwa nchobwerezabwereza.

Chimene tikayika nacho nkuthamangira pa Facebook sitolo isanapatsidwe mpata woyankha. Kuli nthawi imene kuchenjeza anthu onse ndi udindo, monga pamene pali ngozi yeniyeni ndipo eni ake atseka makutu. Koma mbiri ya munthu, ngakhale ya sitolo, ili ngati ufa wotayika pa mchenga. Ndipo chithunzi chimodzi chikayenda m'mafoni zikwizikwi, sichibwera ngakhale ndalama zathu zitabwera. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Tidzifunse tisanalembe: kodi tifuna kuti cholakwa chikonzedwe, kapena tifuna kuti wina amve kuwawa monga tamvera ife?

Patsala kanthu kamodzi kamene kamachitika kuseri kwa nyumba zambiri za m'tauni, ndipo sikalembedwa pa lisiti lililonse. Ndalama zabwezedwa, mtima wakhala pansi, koma nkhuku ija ikadali m'beseni. Wina m'nyumba ayang'ana, naganiza kuti kutaya chakudya nkoipa, naitana mlonda kapena mtsikana wantchito: tengani iyi, mukaitsuke bwino, mukakazinge kwambiri. Iwo alandira ndi manja awiri, chifukwa kwa bwana sakana ndipo mphatso sainena. Ola lapitalo tidali kuuza sitolo kuti nyamayi singadyedwe ndi munthu. Moto umapha majeremusi ambiri, koma ululu umene ena mwa iwo amasiya m'nyama suchoka ndi kukazinga, ndipo kunyumba kwa mlonda kuli ana aang'ono kuposa athu, chipatala chili kutali. Tomato wophwanyika angathe kupita m'dimba kukakhala manyowa, buledi wouma angapatsidwe nkhuku za pakhomo. Nyama yonunkha ikumbiridwe dzenje lakuya, pamene galu sangafukule.